AnaBanda awiri m'buku limodzi, ndi funso limene Racket imakana kuyankha

Amayi anga ndi mlembi wa gulu la banki nkhonde kumudzi kwathu. Lachinayi masana amakumana ndi anzawo pansi pa mtengo wa mango, bokosi lachitsulo la maloko atatu lili pakati, aliyense kabuku kake kali m'manja. Munthu akagula sheya imodzi amamudindira chidindo chimodzi m'kabukumo, akagula masheya atatu zidindo zitatu. Buku lalikulu amasunga ndi amayi: watenga ngongole ndani, wabweza zingati, wachedwa ndani, chindapusa chake ndi ndalama zingati. Ikafika nthawi yogawana kumapeto kwa chaka, masamu ake amawagoneka pakati pa usiku masiku atatu kapena anayi, akuwerengera pafoni, tochi ili pambali.

Ine ndimalemba mapulogalamu a pakompyuta m'tauni. Masana ndimakhala pa PHP ndi Python chifukwa ndi zimene zimandidyetsa, koma mtima wanga uli pa Racket, chinenero cha m'banja la Lisp ndi Scheme, chija cha mabulaketi ambirimbiri. Chaka chatha, nditachezera nawo usiku wina wa masamuwo, ndinaganiza zowalembera kachinenero kakang'ono koti malamulo a gulu lawo azilembedwa monga mmene iwo amawanenera pakamwa, kompyuta n'kumawerengera yokha. Ndinkafuna kuti munthu azitha kulemba chonchi:

```
(gulu lathu
  (gawo masheya)
  (gawo ngongole)
  (gawo chindapusa))
```

Kuti izi zitheke pamafunika macro. Macro ndi kapulogalamu kamene kamalandira khodi imene munthu walemba, n'kuitembenuza kukhala khodi ina pulogalamu isanayambe kuyenda. Koma chimene macro imalandira m'manja si mawu amaliseche. Racket ikawerenga fayilo, liwu loti `ngongole` imalikulunga kaye. Mkati mwa phukusilo muli liwulo, muli fayilo ndi mzere ndi malo a pamzere pamene linalembedwa, muli zizindikiro zosonyeza madera a pulogalamu amene liwulo lili, ndiponso muli malo opachikapo timfundo tina. Phukusi limeneli ndi limene amati syntax object. Mukafuna kupanga lanu pamanja mumalemba `#'` kutsogolo kwa liwu.

Lamulo loyamba limene ndinafuna kuika linali losavuta: gawo limodzi lisalembedwe kawiri. Ndinalemba monga mmene ndikanalembera m'chinenero china chilichonse. Tenga dzina, yang'ana ngati lili kale pamndandanda wa mayina amene tadutsa, ngati lilipo kana. Ndinagwiritsa ntchito `member`, imene pansi pake imafunsa `equal?`, funso la Racket loti kodi zinthu ziwiri ndi zofanana. Poyesa ndinalemba dala `ngongole` kawiri. Cheke changa, kakhodi kofufuza mayina obwerezedwa kaja, chinangoti zii, ngati palibe chimene chaona. Ndinabwereza katatu, kenako ndinapita m'munsi mwa DrRacket, pulogalamu yolemberamo Racket, pamene munthu umalemba funso n'kuyankhidwa pomwepo, ndi kufunsa mosapita m'mbali:

```
(equal? #'ngongole #'ngongole)
```

Yankho linabwera loti `#f`. Ayi, si zofanana.

Usiku umenewo zinandipweteka mtima, sindibisa. Mawu awiri olembedwa chimodzimodzi, pamzere umodzi, ndi dzanja limodzi, kompyuta n'kumati ndi osiyana. Chikhalirecho `equal?` ikapatsidwa mindandanda iwiri kapena ziganizo ziwiri imalowa mkati n'kufananiza chimodzi ndi chimodzi. Pa syntax object siilowa. Imangobwerera ku funso la `eq?`, loti kodi ichi ndi chinthu chomwecho, chokhala pamalo amodzimodzi m'memole ya kompyuta? Maphukusi awiri, ngakhale atanyamula liwu limodzi, ndi maphukusi awiri basi.

Njira yachidule inalipo ndipo ndinaitenga. `syntax-e` imamasula phukusi n'kukupatsa liwu lamkati, `syntax->datum` imamasula maphukusi onse mpaka pansi. Mawu amalisechewo ukawafananiza amavomera bwinobwino. Cheke chinayamba kugwira `ngongole` wachiwiri uja, ine n'kupitiriza ntchito kwa milungu iwiri mtima uli m'malo.

Vuto linatulukira nditalemba macro yachiwiri pamwamba pa yoyamba ija. Imeneyi inkalandira magawo a munthu n'kuwonjezerapo gawo lakelake lobisika, losungiramo chiwonkhetso, limene ndinalitcha `zonse`. Tsiku lina ndikukopera malamulo a m'buku la amayi, ndinapeza kuti iwonso ali ndi mzere umene amautcha zonse, wa ndalama zimene zatsala m'bokosi tsikulo. Ndinalemba `(gawo zonse)`. Cheke changa chinakana, chati dzinali lalembedwa kawiri. Munthu woyang'ana fayiloyo akanaona `zonse` mmodzi yekha. Winayo anali wa m'mimba mwa macro, amene wolemba malamulo sayenera n'komwe kudziwa kuti alipo. Ndipo nditachotsa chekecho kuti ndione, Racket payokha inawalandira awiriwo popanda kuwasokoneza. Amene ankawasokoneza anali ine, chifukwa ndinataya maphukusi n'kutsala ndi mawu okha.

Apa m'pamene ndinakumbukira chimene ndinaona m'buku la amayi usiku uja. M'gulu lawo muli anaBanda awiri. Onse amaitanidwa choncho, onse amavomera. Ndinawafunsa kuti, "Amayi, awiriwa simuwasokoneza polemba ngongole?" Iwo osatukula n'komwe mutu anati, "Iwe, ndingawasokoneze bwanji? Dzinatu ndi loitanira. M'buku timalemba nambala. Awa ndi 7, awo ndi 19." Tsamba lomwelo linandionetsanso mbali ina ya nkhaniyi. Pali mayi wina amene pamsonkhano amalembedwa kuti anaPhiri, koma mudzi wonse umawadziwa kuti amake mapasa. Wina akabwera n'kunena kuti amake mapasa atumiza ndalama yobweza, amayi safufuza dzinalo m'buku, amangotsegula tsamba la anaPhiri. Uku dzina limodzi anthu awiri, uku mayina awiri munthu mmodzi. Mlembi amene amangoyang'ana kalembedwe ka dzina alakwitsa konse kuwiri, ndipo kumudzi kulakwitsa kotere kumathera pabwalo la amfumu.

Anthu a Scheme anakumana ndi anaBanda awiriwa kalekale. Chitsanzo chimene aliyense amayambira ndi macro yosinthanitsa zinthu ziwiri:

```
(define-syntax-rule (sinthanitsa a b)
  (let ([kaye a])
    (set! a b)
    (set! b kaye)))
```

Macro imeneyi imasungiza `a` mwa `kaye`, n'kuika `b` mwa `a`, n'kubweza zosungizazo mwa `b`. Nanga woigwiritsa ntchito akakhala kuti naye ali ndi chinthu chake chotchedwa `kaye`? Tinene kuti `kaye` wake ndi 1, `ina` ndi 2, ndiye walemba `(sinthanitsa kaye ina)`. Macro ikanakhala yongomata mawu, monga zimakhalira ndi preprocessor, chomatira mawu cha chinenero cha C, `kaye` wa macro akanaphimba `kaye` wa munthu, ndipo pamapeto `kaye` akanakhalabe 1, `ina` akanakhalabe 2, popanda uthenga uliwonse wochenjeza. Mu Common Lisp wolemba macro amayenera kukumbukira yekha kupanga dzina lachilendo ndi `gensym`. Mu 1986 Eugene Kohlbecker, Daniel Friedman, Matthias Felleisen ndi Bruce Duba, ali ku Indiana University, anaonetsa njira yoti chinenero chizisiyanitsa chokha mayina a macro ndi mayina a munthu, n'kuitcha hygiene, ukhondo wa ma macro. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, Kent Dybvig ndi anzake Robert Hieb ndi Carl Bruggeman anabweretsa `syntax-case`, ndipo maphukusi ndikunenawa ndi a mbumba imeneyo. Mu 2007 muyezo wa R6RS unawalandira mu Scheme pamodzi ndi mafunso awiri ofananizira mayina amene ndikufuna kukamba.

Mmene Racket ya masiku ano imachitira zinachokera kwa Matthew Flatt wa ku University of Utah, ndipo zinalowa mu Racket 6.3 mu 2015. Kwa ine njira yake imamveka bwino ndikaiyerekeza ndi zidindo za m'kabuku ka sheya. Dera lililonse latsopano m'pulogalamu, kaya ndi module, kaya `let`, kaya `lambda`, limakhala ndi chidindo chakechake chimene amati scope, ndipo chimadindidwa pa mawu onse okhala m'deralo. Macro nayo nthawi iliyonse ikatambasulidwa pamapangidwa chidindo chatsopano, chimene chimatsalira pa mawu okhawo amene macro yabweretsa, osati amene inalandira kwa munthu. Ndiye dzina lililonse limayenda ndi mulu wa zidindo zake. Pofuna kudziwa kuti dzina likuloza chiyani, Racket imayang'ana malo onse pamene liwu lomwelo linamangiriridwa ku chinthu, n'kusiya okhawo amene zidindo zawo zonse zikupezeka pa dzinalo, n'kusankha amene ali ndi zidindo zambiri. `kaye` wa macro ali ndi chidindo chimodzi chimene `kaye` wa munthu alibe. Chidindo chimenecho ndiye nambala 7 ndi nambala 19.

Funso loyamba ndi `bound-identifier=?`. Limavomera pokhapokha liwu likhale limodzi ndiponso zidindo zikhale zofanana ndendende. Tanthauzo lake ndi lakuti: ndikalembetsa dzina ili ngati latsopano, kodi lilanda malo a linzakeli? Ndi funso la pa tsiku lolembetsa mamembala, ndipo ndi limene cheke changa chinayenera kufunsa kuyambira pachiyambi. `ngongole` awiri olembedwa ndi munthu m'gulu limodzi, livomera kuti agundana. `zonse` wa munthu ndi `zonse` wa macro, likana. Ndinapezanso kuti panalibe chifukwa cholembera ndekha, Racket ili kale ndi `check-duplicate-identifier` imene imachita zimenezi. Mizere khumi ndi iwiri imene ndinavutika nayo inasanduka mzere umodzi.

Funso lachiwiri ndi `free-identifier=?`, la amake mapasa. Ili silisamala kalembedwe, limafuna kudziwa ngati mayina awiri akuloza chinthu chimodzi. Mukaitanitsa `car`, imene imatenga chinthu choyamba pamndandanda, pansi pa dzina lina, mwachitsanzo `(require (only-in racket/base [car mutu]))`, ndiye `#'car` ndi `#'mutu` pa funso ili ndi amodzi, ngakhale palibe chilembo chimodzi chofanana. Mbali inayo imaoneka bwino pa `else` wa mu `cond`, liwu losonyeza chochita zina zonse zikakanika. Ambiri timamuona ngati liwu lapadera la chinenero, koma mu Racket ndi dzina lomangiriridwa ngati ena onse, ndipo `cond` imamuzindikira pofunsa funso lomweli. Tayesani ichi:

```
(let ([else #f])
  (cond [else "wafika"]))
```

Sipatuluka `"wafika"`. `else` wamkatiyo ndi mdzina chabe wa `else` weniweni, ndiye `cond` imamutenga ngati chinthu wamba chimene mtengo wake ndi `#f`, n'kudutsa. Ine ndinali ndi vuto lomweli pa liwu langa loti `gawo`, limene ndinkalizindikira pongoyang'ana zilembo. Nditasamukira ku `syntax-parse`, imene analemba Ryan Culpepper, ndinakondwera kuona kuti imakukakamiza kusankha poyera. Ukalemba `#:literals` ndiye kuti ukufunsa za chimene dzina likuloza, ndipo imakana ngati dzinalo silinamangiriridwe kulikonse. Ukalemba `#:datum-literals` ndiye kuti ukufunsa za zilembo zokha. Zonse ndi zololedwa, koma uyenera kudziwa chimene wafunsa.

Tsopano tawerengani mafunso amene tapeza. Kodi ndi phukusi lomwelo? Kodi zilembo ndi zomwezo? Kodi akalembetsedwa agundana? Kodi akuloza chinthu chimodzi? Ndipo sitinakhudze za mzere pamene liwu linalembedwa, kapena timfundo topachikidwa tija, kaya tiziwerengedwa kaya ayi. Ndiye `equal?` ikanasankha liti? Lililonse limene ikanasankha likanakhala lolondola kwa munthu mmodzi n'kupweteka atatu mwakachetechete. Lero ndimaona kuti `#f` uja anandichitira chifundo. Anandikana msanga, tsiku loyamba, pamene kukonza kunali kotchipa. Yankho laulemu la `syntax-e`, limene linandivomera, ndi limene linandibisira cholakwa milungu iwiri. Pali ena amene amadandaula kuti izi zimavutitsa polemba mayeso a ma macro, chifukwa sungangofananiza zotuluka ndi zimene umayembekezera, ndipo dandaulolo ndi loona, inenso limandikhudza. Koma pamenepo ndimalemba `syntax->datum` ndi dzanja langa, ndikudziwa kuti zidindo ndazitaya dala.

Mbali yachiwiri ya nkhaniyi ndinaigunda patapita mwezi. Ndinkafuna kuika chizindikiro pa magawo amene ndi a ndalama, kuti macro ina kutsogolo iziwasiyanitsa ndi a masiku. Ndinalemba `(syntax-property dzina 'mtundu 'ndalama)` pamzere wakewake, n'kupitiriza kugwiritsa ntchito `dzina`. Kutsogoloko chizindikiro kunalibe. Dzanja lozolowera Python limayembekezera kuti ukauza chinthu kuti chisinthe, chisintha pomwepo. Koma syntax object sisinthika. `syntax-property` imakupangira phukusi latsopano lokhala ndi chizindikirocho n'kukupatsa, lakale lija n'kukhala monga linalili. Ine latsopanolo ndinalisiya ligwe pansi. Ndi mmene zilili paliponse: kuwonjezera chidindo kumabala phukusi lina, ndipo vector, mtundu wina wa mndandanda, imene mwaitulutsa m'phukusi mukati muisinthe ndi `vector-set!` Racket imakana. Ngakhale mutapereka vector yosinthika kwa `datum->syntax`, yokulungira zinthu m'phukusi, imene imalowa m'phukusi ndi ina yosasinthika.

Amayi salemba buku la gulu ndi pensulo. Ndinawafunsapo ndili mwana, ndikuona kuti akalakwitsa zimawavuta. Anati buku la ndalama za anthu silifufutidwa, ukalakwitsa umalemba mzere wina pamaso pa onse, wakalewo uzionekabe. Chifukwa chake n'chakuti tsambalo si la mlembi yekha. Msungichuma analiona, owerenga ndalama analiona, mwini ngongole analiona, ndipo aliyense anapita kwawo akudziwa chimene chalembedwapo. Syntax object nayo ili ndi eni ambiri nthawi imodzi. Mu `sinthanitsa` muja `a` akupezeka kawiri, ndipo ndi phukusi limodzi loikidwa malo awiri. Phukusi lomwelo likhoza kudutsa m'ma macro asanu a anthu asanu osadziwana. DrRacket imalidalira pojambula mivi ija yochokera pamene dzina lagwiritsidwa ntchito kupita pamene linamangiriridwa, macro stepper imalisunga kuti ikuonetseni khodi mmene inalili sitepe iliyonse, ndipo uthenga wa cholakwa umatenga mzere wake m'menemo. Macro imodzi ikanaloledwa kufufuta chidindo pa phukusi limene ena agwirizira, ukhondo wonse uja ukanatha, chifukwa yankho la `bound-identifier=?` la m'mawa silikanakhalanso la madzulo.

Anthu a Racket nkhani ya kusasinthika anaitenga patali kuposa anzawo a Scheme. Mu 2008, chinenerochi chikadali kutchedwa PLT Scheme, mtundu wa 4.0 unachititsa kuti ma pair, njerwa zimene mindandanda yonse ya Lisp imamangidwira, akhale osasinthika. `set-car!` ndi `set-cdr!`, zimene zinali mu Scheme kuyambira kale, zinachotsedwa m'chinenero chachikulu, ofuna zosinthika n'kupatsidwa `mcons` padera. Dzina loti Racket linabwera mu 2010. Ndipo mu 2022 anawonjezera `equal-always?`, imene imalowa mkati mwa zinthu zosasinthika koma ikafika pa chosinthika imangofunsa ngati ndi chinthu chomwecho. Nzeru yake ndi yomweyi: zinthu ziwiri zimene zingasinthe mawa, kufanana kwake kwa lero n'kongokumanizana.

Chimene chinandidabwitsa nditayamba kuwerenga khodi ya expander, gawo la Racket lotambasula ma macro, n'chakuti mkati mwenimweni phukusili limasintha. Taganizani `let` yokuta mizere zikwi ziwiri. Kudinda chidindo pa liwu lililonse nthawi yomweyo, kenako kubwerezanso pa `let` yamkati, ntchito ikanachuluka kwambiri. Ndiye Racket imalemba pamwamba pa phukusi lalikulu kuti zamkatizi zili ndi ngongole ya chidindo chakuti, n'kudikira. Wina akadzatsegula ndi `syntax-e`, m'pamene imatsitsa chidindocho kwa ana a phukusilo n'kusunga zotsatira. Kusintha kulipo, koma palibe njira yoti wakunja akuone, chifukwa nthawi iliyonse mukafunsa mumapeza zidindo zonse zili m'malo. Lonjezo silakuti m'memole simugwedezeka kanthu. Lonjezo ndi lakuti chimene munaona dzulo mudzachionanso mawa. Izi ndinazikonda kwambiri.

Pali kabowo kamodzi kamene ndinagweramo ndipo ndikatchule mwachidule. `datum->syntax` imalandira chilichonse. Mukaipatsa function yamoyo, yopangidwa pa nthawi imene macro ikuyenda, imaikulunga osadandaula. Anthu a Racket amati imeneyi ndi 3-D syntax. Ndinachita zimenezi ndi function yowerengera chiwongoladzanja, ndipo mu DrRacket, fayilo ili imodzi, zinayenda. Nditayendetsa `raco make` kuti isungidwe pa disiki, inakana, yati chinthu chimenechi sichingalembedwe mu khodi yophikidwa kale. Mankhwala ake ndi oti macro izitulutsa khodi yopanga function, osati function yeniyeniyo.

Koma chimene chinanditengera nthawi yaitali, mpaka ndinakumbuka mawu a akulu oti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndi ichi. Phukusi silisintha, koma yankho la `free-identifier=?` likhoza kusintha. Poyamba zimamveka ngati zotsutsana. Chinsinsi chake n'chakuti chimene dzina likuloza sichinalembedwe m'phukusi. M'phukusi muli liwu ndi zidindo basi. Kumangirira kumalembedwa kwina, ndipo kumawonjezeka pamene expander ikutsika ndi fayilo n'kumakumana ndi `define` watsopano. Mayina awiri a zilembo zofanana, onse asanamangiriridwe kulikonse, `free-identifier=?` imati ndi amodzi ngakhale zidindo zawo zitasiyana. Limodzi likangomangiriridwa ku chinthu chimene linzake silingachione, yankho limatembenuka. Maphukusi ndi omwewo, palibe amene wawakhudza. Chasintha ndi buku limene akuwerengedwamo.

Ine zinandigwira motere. Ndinkasunga magawo m'tebulo la `make-free-id-table`, la mu `syntax/id-table`, kuti macro yowerengera idzapeze mtundu wa gawo lililonse. Macro yanga inkayamba yalemba dzina lobisika lija m'tebulo, kenako n'kutulutsa `define` wake. Pofufuza pambuyo pake, tebulo linkati dzinali mulibe, chikhalirecho ndinaliikamo ndekha mizere iwiri pamwamba. Tebulo lotere limasankha kabokosi koikamo dzina potengera chimene dzinalo likuloza. Poika linali lisanamangiriridwe, pofufuza linali litamangiriridwa, ndiye linkafufuzidwa m'kabokosi kena. Malangizo a laibulale imeneyi amachenjeza za chinthu chomwechi, ndipo ndinali nditadutsapo ndi maso osamva chimene akunena. Kukonza kwake kunali kusinthanitsa mizere iwiri: `define` ayambe, kulembetsa m'tebulo kutsatire. Zili ngati mayi amene wayamba kubwera kumsonkhano asanapatsidwe nambala. Mlembi akalemba ndalama yake pakapepala pansi pa dzina lokha, mlungu wamawa mayiyo atalandira nambala, mlembi adzafufuza patsamba la nambalayo osapeza kanthu. Mayi ndi yemweyo, ndalama inaperekedwadi, koma inalembedwa malo ake asanakhazikike.

Mwezi wathawu ndinapita kumudzi ndi laputopu. Tinakhala pakhonde dzuwa likupendeka, ine ndikuwerenga malamulo a pa sikirini mokweza, amayi akutsatira ndi chala m'buku mwawo. Pa chindapusa cha kuchedwa anandikonza, ati chimayamba kuwerengedwa bokosi likatsegulidwa, osati pemphero likatha. Kenako ndinaona kuti tsamba la nambala 7 lili ndi mzere wautali wodula pansi pake. Anati anaBanda aja anasamuka, anatsatira amuna awo, ndipo ngongole yawo anamaliza asanapite. M'malo mwawo munalowa mtsikana wina wongokwatiwa kumene.

"Ndiye mwamupatsa 7 yomweyo, amayi?"

"Ayi mwanawe, iyeyo ndi 26. Seveni ikhala choncho mpaka tigawane. Masheya a anaBanda akadali m'bokosi, adzabwera kudzatenga gawo lawo. Ndikapereka nambala yawo kwa wina, ndalama ya tsamba limeneli idzakhala ya ndani?"

M'pulogalamu yanga membala akachoka nambala yake inkabwerera pamndandanda wa zopanda mwini, wotsatira n'kuitenga. Ndinatsegula fayiloyo pomwepo, laputopu ili pamwendo, n'kuchotsa mzere umenewo. Amayi anadzuka kukasonkhezera moto, n'kundiuza kuti ndisatseke kaye, pali lamulo lina la thumba la maliro limene sitinalembe.